Denga la udzu la ku Chembe

Tinapita ku Chembe kukasambira m'nyanja, koma ine masiku awiri mwa atatu ndinawathera khosi lili chagada, kuonerera munthu akufolera nyumba. Inali sabata ya tsiku la anakubala, 15 October, pamene anthu a m'tauni timakhamukira kunyanja ngati tachita kupangana. Tsiku loyamba tinakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija timene timatetezedwa mu Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Tinakaonanso manda a amishoni a Livingstonia amene anafika pamalopa mu 1875, malungo asanawasamutsire ku Bandawe mu 1881. Zimenezo ena analemba kale. Chimene chinandikola ine chinali kuseri kwa malo amene tinagona, kumene ankamanga kanyumba kozungulira kogonamo alendo.

Ndiyambe ndaulula. Kwathu ku Lilongwe, kuseri kwa nyumba, kuli chisakasa chimene ndinamanga ndekha. Mayi a kunyumba amaphikiramo nyemba pa mbaula, ndipo mbali ina timaikamo nazale ya tomato ndi mpiru kuti dzuwa lisapsereze mbande. Pofolera ndinayala pepala lakuda, n'kuponyapo mitolo ya udzu, n'kumanga ndi linya, basi. Pofika January pepala linali litachita matumba a madzi, udzu utada bii n'kuyamba kununkha chuku, ndipo tsiku lina thumba limodzi linaphulikira mumphika wa ndiwo. Ndinagamula kuti udzu ndi wa anthu osowa pogwira, n'kuyamba kufunsa mtengo wa malata.

Mmisiri wa ku Chembe uja anali bambo wachikulire, woonda, wosakonda zoyankhula. Chodabwitsa choyamba chinali chakuti m'mawa wonse sanakwere padenga. Ntchito inali pansi. Anyamata awiri, mmodzi mdzukulu wake, ankatapa udzu wodzaza dzanja n'kumaukoka pa thabwa lokhomedwa misomali yoloza kumwamba, kawiri kapena katatu, mpaka masamba onse atapululuka n'kutsala timapesi tokhatokha tosalala, tachikasu. Kenako ankaugogoda pansi kuti matsinde afanane, n'kumanga timitolo tonenepa ngati mkono wa munthu. Mulu wa zinyalala unkakula mochititsa chisoni, ndipo ine, pokumbukira ndalama zimene ndinagulira udzu wanga, mtima unandipweteka.

"Achikulire, zonsezi mukutaya?"

"Tsamba ndi limene limasunga madzi, bambo. Phesi limangowapereka kwa linzake."

Sanawonjezere kanthu, ndipo m'mawu amenewo munali ntchito yonse. Ine ndinkaganiza kuti denga ndi chotchinga mvula, n'chifukwa chake ndinkadalira pepala. Denga la udzu lili ndi timipata tosawerengeka, koma dontho likagwa limatsata phesi, n'kudumphira pa phesi la m'munsi, n'kumapita choncho mpaka likagwere pakhonde lisanapeze mpata woloweramo. Chilichonse chimene chingaimitse dontholo panjira, kaya ndi tsamba, mfundo ya chingwe, kapena phesi lopingasa, ndicho chimayambitsa kuwola.

Ngakhale udzuwo uli ndi nyengo yake. Umamwetedwa cha mu June ndi July, utauma ndiponso njere zitayoyoka. Ukafulumira umamweta wauwisi umene umaphikika mumtolo, ukachedwa anyamata osaka mbewa amakuyambira ndi moto. Amene anaumweta ndi amayi, n'kuusenza pamutu mtunda wautali, ngakhale ulemu wonse umapita kwa amene ali padenga.

Chachiwiri ndi kutsetsereka. Mapaso a bulugamu anali ataimikidwa mochita kuopsa, ndipo anali atapakidwa oyilo wakuda kuti asafumbwe komanso chiswe chisawakonde. Mabuku a zomangamanga amati denga la udzu lisachepere madigiri 45, kutanthauza kuti likwere mita imodzi pa mita iliyonse imene lalowa mkati. Mkuluyu analibe chopimira chilichonse. Nditamuonetsa pa foni chithunzi cha chisakasa changa, anachiyang'ana kanthawi, n'kufunsa ngati mbuzi ingathe kuyenda pamwamba pake. Ndinati ingathe, ndipo nkhuku zimagonapo. Anangopukusa mutu n'kundibwezera foni.

Masana dzuwa litapendeka ndi pamene anakwera. Amayambira m'munsi, kumene madzi amagwera. Mzere woyamba amauika wochindikala, matsinde ataloza pansi, nsonga zitaloza kumwamba. Akayala timitolo tingapo amadula zomangira zake n'kuusalaza udzuwo ndi zala kuti pasaoneke pamene kamtolo kathera. Pamwamba amapingasa kandodo kowonda, ndiyeno amatenga singano yachitsulo yaitali ngati mkono, yokhala ndi chingwe cha khonje choviikidwa m'phula, n'kuibaya kudutsa udzu wonsewo. Mkati mwa nyumba muli mdzukulu uja, amene amailandira, kuizunguliza kumbalo, n'kuibweza kumwamba. Awiriwa saonana. Mkulu amagogoda ndi chala pamene akufuna kuti singano itulukire, ndipo imatulukira pomwepo. Akatero amaponda kandodoko ndi bondo, n'kukoka chingwe mpaka udzu utalira kuti tswa. Kale ankasokera luzi la mombo, koma mapiri ozungulira Chembe ali m'paki, ndipo mtengo wosendedwa makungwa suchedwa kuuma.

Mzere wachiwiri umakwirira msoko wa woyamba, wachitatu umakwirira wa wachiwiri, mpaka pamwamba. Pa phesi lotalika kuposa mita, chimene chimaonekera kunja ndi kansonga ka tsinde kosaposa chala. Chingwe chonse chili mkati, kumene mvula ndi dzuwa sizifika. Apa ndi pamene ndinachita manyazi ndi linya wanga, amene ndinamukulunga pamwamba pa udzu ngati ndikumanga katundu panjinga.

Koma chimene sindingachiiwale ndi kathabwa. Ndi kathabwa wamba kokhala ndi chogwirira kumsana, kumaso kwake kuli mizeremizere. Akamaliza mzere amamenya nako matsinde chokweza, phaphapha, pang'onopang'ono, kukankhira phesi lililonse m'malo mwake. Udzu umene unali nyankhalala umasanduka wosalala ngati wometedwa ndi lumo, chikhalirecho sanadulepo kanthu. Kumenyako kumaulimbitsanso, poti matsinde akamalowa pansi pa kandodo kaja amathinana. Amamenya, n'kupendeka mutu kuyang'ana cham'mbali, n'kumenyanso pamalo pamene ine sindinkaona cholakwika chilichonse. Kamodzi anatsika, n'kukaima patali pafupi ndi matandala oyanikapo usipa, kuyang'anitsitsa, n'kukweranso kukakonza kadzenje kamene mwina kakanasunga madzi odzaza chikho. Mwana wanga wamkazi, amene anabwera kudzandiitana kuti nsima yapsa, anaima nane mpaka nsimayo inazizira.

Pepala lakuda sanaikemo. Mkati anayala bango loyera bwino, loti munthu atagona chagada aziona mizere yolongosoka. Anati denga liyenera kupuma: chinyezi chikalowa chizitulukanso, pomwe pepala limachitsekera n'kuwoletsa udzu kuyambira pansi. Apa sindikufuna kunyoza anthu akumudzi amene amafolera ndi pepala chaka ndi chaka. Denga lochindikala masentimita 15 kapena 20 limadya udzu wambiri, ndipo madambo ndi tchire kumene unkamera anthu analimamo. Munthu amene wapeza mitolo khumi yokha, pepala ndi limene limamupulumutsa. Kungoti tisamati udzu ndi wosalimba pomwe sitinaupatse mpata. Pafupi pomwepo panali nyumba ina imene mkuluyu anafolera kalekale, yotuwa ngati phulusa. Anandiuza kuti ndipisemo dzanja. Kunja udzu unali wofumbutuka, koma zala zitangolowa pang'ono ndinakhudza mapesi olimba, ndipo limodzi limene ndinasolola linali lachikasu ngati lomwetedwa chaka chino.

Zovuta zake zilipo. Moto ukagwira palibe chopulumutsa, n'chifukwa chake malo ambiri ogona alendo amaika khitchini patali. Anyani a ku Chembe, amene saopa munthu, amasolola udzu pofuna tizilombo kapena pongosewera, moti eni ena amakuta denga ndi waya wa nkhuku. Ndipo pansonga, pamene mapaso onse amakumana, ndi pamene madenga ambiri amayambira kudontha. Ena amangovindikirapo lata kapena simenti. Mkuluyu anati iye amapinda udzu wautali kuti ugwere mbali zonse, n'kuumanga kolimba ngati mkanda. Tinachoka asanafikepo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Masana a tsiku lomaliza, mchenga ukuwotcha mapazi, tinabisala m'nyumba yotuwa ija. Munali mozizira ngati pansi pa mkuyu. Mayi a kunyumba, amene chaka chonse akhala akundikumbutsa za malata, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Bambo a Chikondi, chisakasa chija vuto si udzu."

Titabwerera ku Lilongwe ndinasasula denga lonse, n'kukweza mtanda ndi mita yathunthu. Udzu mu October ndi wokwera mtengo, ndipo wabwino unatha kale, choncho theka la umene ndagula likuthera pa thabwa la misomali, limene ana akulimbirana akaweruka kusukulu. Singano anandisulira wowotcherera zitsulo wa pamsika. Wolandira mkati ndi Chikondi, ndipo singano yathu imatulukira pamene yafuna yokha. Nazale tayamba taisamutsira pansi pa mtengo wa mango. Chizimalupsa chagwa kale, ndipo ine ndili pa mzere wachitatu.