Pepala la m'katoni ya chimkuzamawu

Komiti ya mzikiti ikagula chimkuzamawu chatsopano, maso onse amakhala pa chitsulocho. Anyamata amakwera nacho pansanja, amachimangirira, muadhini amayesa mawu, akuluakulu amagwedeza mitu. Katoni amatenga ana. Koma kapepala kamene kanali m'katonimo, kodzaza manambala ndi mizere yokhotakhota, kamakathera pa mbaula kapena kukulungira usipa. Ifenso tatayapo mapepala otere, ndipo mtima sunatigunde kuti tataya kanthu.

Kutsidya kwa nyanja zamchere kuli anthu amene akadationa tikutero akadagwira kumutu. Ku America, ku Britain ndi ku Japan alipo amene atha zaka akusaka mapepala amenewa: timabuku totsatsira zimkuzamawu, mindandanda ya mitengo, masamba othothola m'magazini akale, makamaka a pakati pa zaka za m'ma 1930 ndi za m'ma 1970. Amawagula, amawajambula, amawasanja potsata kampani ndi chaka. Tawerengako gawo la zimene asonkhanitsa. Tikuvomereza kuti ntchito yawo ndi yaphindu, koma tili nawo mlandu pa za mapepala amene amawakonda ndi amene amawalambalala.

Phindu lake silovuta kuliona. Chimkuzamawu chimene tikuchidziwa lero chidayamba ndi Peter Jensen ndi Edwin Pridham ku Napa, m'chigawo cha California, mu 1915, ndipo chidakhwima mu 1925 pamene Chester Rice ndi Edward Kellogg adafalitsa kapangidwe kamene pafupifupi masipika onse akutsatabe. Kuchokera apo makampani akhala akubadwa, kugulidwa ndi kufa. James B. Lansing adatsegula yake ku Los Angeles mu 1927. Kampani ya Altec idaigula mu 1941 n'kukhala Altec Lansing. Mwiniwakeyo adachoka mu 1946 kukayambitsa JBL, ndipo adamwalira mu 1949. Dzina la Altec Lansing lagulitsidwa kangapo chiyambire. Fakitale ikatsekedwa, amisiri amabalalika ndipo zolemba za m'maofesi zimamwazika. Chimene chimatsala ndi kabuku kamene kadasindikizidwa kambirimbiri n'kugawidwa ulere m'masitolo. Munthu amene lero akukonza sipika ya Altec 604, imene idatuluka koyamba mu 1944 ndipo idasinthidwa kambiri, ayenera kudziwa ngati yake ili ya ma ohm 16 kapena 8, apo ayi aiwononga. Nthawi zambiri mboni yokhayo imene yatsala ndi pepala la malonda.

Koma mboniyo ndi wogulitsa, ndipo wogulitsa nsomba sanena kuti zagona.

Timabuku ta m'zaka za m'ma 1940 timawerengeka mosiyana ndi tam'mbuyo mwake. Tidalembedwera amisiri a m'nyumba zoonetsera kanema ndi a nyumba zoulutsira mawu, anthu amene sakadanamizika msanga. Chilankhulo chake ndi chouma: kulemera kwa maginito, kukula kwa bokosi, chithunzi cha chitsulo chokha popanda chokongoletsa. Ngakhale dzina lodzitama ngati Voice of the Theatre, limene Altec idapatsa masipika ake a kanema mu 1945, lidatsagana ndi miyeso imene mmisiri akadatha kuitsimikiza yekha. Pofika zaka za m'ma 1950 wogula adasintha. Tsopano anali bambo wa ndalama wofuna nyimbo pabalaza pake, ndipo pepala lidasintha naye. Padabwera makapeti, makatani ndi mipando yonyezimira. JBL Paragon ya 1957, bokosi lotalika kupitirira mamita awiri ndi theka, idali yogomera maso isanayambe n'komwe kulira. Masamba amenewa ndi okongola zedi, sitikana, ndipo osonkhanitsa amalimbirana oterewa. Komabe mukawawerenga modekha mupeza kuti akuuzani zambiri za maloto a mabanja a ku America a nthawi imeneyo kusiyana ndi za sipikayo.

Si onse adatengeka. Edgar Villchur, amene adatulutsa sipika yaing'ono ya AR-1 mu 1954, adazolowetsa kampani yake ya Acoustic Research kusindikiza zotsatira za miyeso, mizere yosonyeza pamene sipika ikulira bwino ndi pamene ikufooka. Gilbert Briggs wa Wharfedale ku England adachita china: mu 1954 adaika masipika ake mu Royal Festival Hall ku London pamodzi ndi oimba enieni kuti anthu afanizire okha. Uku kudalinso kutsatsa malonda, koma kutsatsa kolola kuti wogula akugwire bodza ngati ulipo. Mapepala a anthu awiriwa timawawerenga ndi ulemu wina.

Bodza lalikulu la m'mapepala amenewa ndi la mawati. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 makampani ankapikisana kulemba manambala aakulu, aliyense akuyeza mwa njira yomukomera, mpaka mu 1974 bungwe la boma la America loona za malonda, Federal Trade Commission, lidaika lamulo la mmene mphamvu ya ampulifaya ya m'nyumba iyenera kuyezedwera ndi kulembedwera. Matendawo sadathe, adangosamuka. Ndi omwe aja timawaona m'misika yathu pa kawailesi konyamula m'manja kolembedwa mawati masauzande, pambali pake pali zilembo za PMPO. Choonadi chake ndi ichi: mukawirikiza mawati kawiri, phokoso limangokwera ndi madesibelo 3, kusintha kumene khutu limangokumva pang'ono. Kuti mawu amveke ngati akwera kawiri pamafunika madesibelo 10, kutanthauza mawati owirikiza kakhumi. Wotsatsa amalemba mawati ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa ndiwo amagulitsa. Nambala imene ili ndi ntchito amaiika m'munsi ndi tizilembo ta nyerere.

Palinso zimene pepala la malonda silinena konse. Kwa zaka zambiri masipika apamwamba ankadalira maginito a alnico, osakaniza chitsulo, aluminiyamu, nickel ndi cobalt, ndipo timabuku tinkanyadira zimenezi. Cobalt wambiri ankachokera ku Zaire. Mu 1978 nkhondo idafika m'tauni ya migodi ya Kolwezi, m'chigawo cha Shaba, osati kutali ndi malire a Zambia, ndipo mtengo wa cobalt udakwera koopsa. Posakhalitsa makampani ngati JBL, Altec ndi Tannoy adasamukira ku maginito a ferrite. JBL idalengeza kapangidwe katsopanoko ngati chitukuko, ndipo kunena chilungamo amisiri ake adagwiradi ntchito yabwino. Koma woyala timabuku ta zaka zimenezo motsatizana amangoona mawu amodzi akuzimirira, ena akulowa m'malo. Anthu amene adafera ku Kolwezi sangawapeze pa masamba onyezimirawo. Amene amasunga mapepalawa osadziwa mbiri yowazungulira akusunga theka la nkhani.

Tsopano tifike pa mlandu wathu weniweni. Osonkhanitsa ambiri amakonda masipika a pabalaza ndi a m'nyumba za kanema. Chimkuzamawu cha lipenga, chotuwa chija chokhala pamtengo, pa siteshoni ya sitima, pamsika ndi pansanja ya mzikiti, amachiona ngati chida cha wamba, ndipo mapepala ake sawalabadira kwenikweni. Chonsecho ndi chimenechi chalankhula kwa anthu ochuluka kuposa masipika onse okongola aja. Ku Britain dzina la Tannoy, kampani imene Guy Fountain adayambitsa ku London mu 1926, lidasanduka mawu wamba otchulira chimkuzamawu chilichonse cholengezera uthenga. Ku Indonesia, dziko la Asilamu ochuluka kuposa ambiri, chimkuzamawu cha pamzikiti amangochitcha toa, kutengera kampani ya TOA imene idayamba ku Kobe, ku Japan, mu 1934. Kampani ya Ahuja ya ku Delhi yadzaza misika ya ku India ndi ya kuno ku Africa ndi malipenga ake. Mzikiti wa Sultan ku Singapore umatchulidwa kuti ndiwo udayamba kuitanira Swala pa chimkuzamawu, mu 1936. Mbiri yonseyi ili ndi mapepala ake, ndipo ndiwo akutha msanga, chifukwa adagwera m'manja mwa anthu ngati ife.

Pali chodabwitsa pang'ono apa. Ku Madina, pamene Asilamu ankakambirana za njira yoitanirana ku Swala, ena adatchula lipenga, ena belu, koma zonsezi zidasiyidwa. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adasankha mawu a munthu, nauza Abdullah ibn Zayd kuti aphunzitse Bilal (Allah asangalale nawo onse) chifukwa mawu a Bilal ankafika patali. Patapita zaka zoposa 1,300 lipenga lidabwerera, koma ngati wantchito wonyamula mawu a munthu. Likayamba kusokosera mpaka mawu a adhana osamveka bwino, labwerera ku chimene chidakanidwa.

Pepala la chimkuzamawu cha lipenga ndilo loona mtima kuposa onse amene tawerenga, mwina chifukwa lilibe woti limukope. Kawirikawiri ndi tsamba limodzi. Limanena kuti pa wati imodzi, munthu ataima mita imodzi kutsogolo, chidacho chimatulutsa madesibelo angati. Malipenga ambiri amakhala pakati pa 105 ndi 110, pamene sipika ya pabalaza imakhala cha m'ma 85 mpaka 90. Limajambula mbali imene mawu amalunjika ndi mmene amachepera mukapatukira kumbali. Limavomereza kuti mawu a besi silingawathe, ndipo n'chifukwa chake kuwakakamiza pa ampulifaya kumang'amba kapena kupsereza dayafulamu ya mkati. Limasonyeza mmene mungalumikizire malipenga angapo pa waya wa mavoti 100 kudzera pa thiransifoma, ndi waya uti umene ukupereka mawati angati.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Titenge lipenga la madesibelo 110 pa wati imodzi. Tikalipatsa mawati 10 lifika pa 120. Panja, mtunda ukawirikiza kawiri, phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Nyumba imene ili mamita 8 kutsogolo kwa lipengalo ilandira madesibelo 102. Msodzi amene akusoka ukonde pa mamita 128 alandira 78. Tikati msodziyo sakumva bwino n'kukweza mawati kufika pa 20, iye apeza 81 basi, pamene khanda kapena wodwala wa m'nyumba yoyandikana ija alandira 105. Koma tikakweza lipengalo m'mwamba n'kulilozetsa kutali, mawu amphamvu adutsa pamwamba pa denga la mnansi. Malipenga anayi oyang'ana mbali zinayi, lililonse likulira mofatsa, amagwira bwino ntchito kuposa limodzi lobangula. Zonsezi zili pa kapepala kaja tidayatsira moto. Maiko ena afika poika malamulo: mu 2021 Saudi Arabia idalamula kuti zimkuzamawu za panja pa mizikiti zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake, ndipo mu 2022 Indonesia idaika malire a madesibelo 100. Komiti yodziwa kuwerenga pepala la chida chake siidikira kuti mnansi akadandaule kaye kwa amfumu.

Ngakhale pepala loona mtimali lili ndi malire ake. Miyeso yake idatengedwa m'chipinda chotsekedwa, mopanda mphepo. Silidziwa mwera, umene umanyamula mawu kupita nawo kumpoto n'kuwamana a kum'mwera kwa mzikiti. Silidziwa kuti m'bandakucha, nyanja ili bata, mawu amayenda pamadzi popanda chowatchinga mpaka kukafika kwa amene ali m'bwato. Zimenezi amadziwa ndi muadhini wokalamba wa ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota, ndipo palibe kampani imene idzazisindikize.

Tikadakhala ndi mwayi wolankhula ndi osonkhanitsa aja tikadawapemphanso kuti asamajambule chikuto ndi zithunzi zokha. Tsamba lakumbuyo, pamene pali chidindo cha sitolo, mtengo wolembedwa pamanja kapena timanambala ta wosindikiza, ndilo limathandiza kudziwa chaka, ndipo kabuku kopanda chaka umboni wake ndi wopunduka. Taonapo timabuku tojambulidwa bwino kwambiri koma tosadziwika kuti tidatuluka liti.

Kuno kwathu adani a pepala ndi chinyontho, chiswe, mphemvu ndi dzimbiri. Tizitsulo tolumikizira masamba timachita dzimbiri n'kudya pepala, choncho ndi bwino kutichotsa. Masamba onyezimira akanyowa amamatana osathekanso kulekanitsa. Selotepi imasanduka yachikasu n'kusiya banga, ndipo kumata pepala m'pulasitiki ndi makina otentha sikubwezeka. Envulopu youma, m'bokosi lachitsulo lotsekeka bwino, loikidwa pamwamba osati pansi pa simenti, ndi yokwanira, ndipo chithunzi cha pafoni cha mbali zonse ziwiri chikhale kwa anthu awiri kapena atatu a m'komiti. Msungichuma alembe kumbuyo kwa pepalalo tsiku limene chidacho chidagulidwa, mtengo wake, amene adachimangirira, ndi waya umene adalumikiza pa thiransifoma, kuti mmisiri amene adzakwere pansanja zaka khumi zikubwerazi asadzachite kulota. Alembe ndi pensulo, poti inki ya bolopeni imalowerera pepala likagwira chinyontho.