Mmisiri wa pa Migowi ndi Khadi Lochokera ku Joni

Ndinafika pakhonde pa mmisiri wokonza makompyuta wa pa Migowi dzuwa litapendeka, mwezi wa Okutobala, phiri la Michesi likuoneka lotuwa ndi utsi wa lupsa. Ndinapita ndi laputopu yanga yomwe inkangozima yokha, koma ndinapeza ali ndi kasitomala wina, choncho ndinakhala pabenchi kudikira. Ola limenelo sindinalitaye.

Kasitomalayo anali mnyamata amene ali ndi kachipinda ka magemu, komwe anzake amalipira kuti amenye mpira pa sikirini. Kompyuta yake anabwera nayo panjinga atayikulunga m'chitenje. Inali Dell OptiPlex 7010, imodzi mwa makompyuta amene amatha ntchito m'maofesi akunja n'kudzayamba moyo wachiwiri kuno kwathu. Mkulu wake amene ali ku Johannesburg adamulonjeza graphics card yatsopano, ndipo mnyamatayo anali atasankha kale: RTX 3060.

"Achimwene, mungondiuza ngati ilowa. Ndiwauze akuluwo agule lero lomwe."

Mmisiriyo sanayankhe msanga. Anamasula chitenje, n'kugoneka kompyutayo cham'mbali, n'kutsegula chivundikiro. Asanayang'ane china chilichonse anatenga burashi yaing'ono yopentera n'kuyamba kusesa fumbi. Fumbi la ku Phalombe nyengo yachilimwe silichita kuitanidwa. Linali litamata pa fani ngati ubweya wa nkhosa. Posesa anaika chala pa faniyo kuti isazungulire. Kenaka anamasula zomangira zinayi, n'kunyamula chitsulo choziziritsa purosesa, ndipo pansi pake phala loziziritsa lija, thermal paste, linali litauma gwa ngati dothi la m'dambo. Analipukuta ndi kansanza konyowetsa sipiriti mpaka zilembo zinaoneka: i5-3470. Anadontheza phala latsopano pakatikati, kadontho kofanana ndi njere ya nandolo, osapaka ndi chala, n'kubwezera chitsulo chija. Pomanga anayamba ngodya iyi, n'kulumphira yoyang'anizana nayo, pang'onopang'ono, monga amachitira womanga tayala la galimoto.

"Purosesa ikatentha imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse," anatero osadzutsa mutu. "Ndikayiyeza ili chonchi ndiyinamizira mlandu."

Mawu amenewo ndi amene anandichititsa kusendera pafupi. Munthuyu sankafuna kuweruza makinawo asanawapatse mpata woonetsa mphamvu zawo zenizeni.

Funso la mnyamatayo lili ndi mayankho awiri, ndipo ambiri amangodziwa loyamba. Kulowa ilowa, chifukwa kangalande kolowetsamo khadi, PCI Express, adakakonza moti khadi latsopano limagwirabe ntchito pa motherboard yakale. Yankho lachiwiri ndi loti kulowa si kuthamanga. Mmisiriyo anafotokoza ndi chitsanzo cha pomanga nyumba. Purosesa ndi munthu wokanda matope ndi kuponya njerwa. Ndiyo imawerengera kumene mpira uli, kumene osewera onse 22 athamangire, ndi zimene dzanja la wosewera lalamula. Khadi ndi mmisiri woyala njerwa, lomwe limajambula udzu, mithunzi, nkhope ndi yunifolomu. Mutalemba amisiri khumi odziwa ntchito koma woponya njerwa ali m'modzi, khoma likwera pa liwiro la woponyayo. Enawo azingoyang'ana kumwamba, ndalama zanu zikupita. TV ya mnyamatayo imaonetsa zithunzi 60 pa sekondi, kutanthauza kuti awiriwa ali ndi mamilisekondi osakwana 17 kuti amalize chithunzi chimodzi. Wochedwa mwa iwo ndiye amalamula.

Purosesa ya i5-3470 idatuluka mu 2012, ili ndi ma core anayi. RTX 3060 idatuluka mu 2021. Munthu wongowerenga zaka akhoza kugamula pomwepo kuti gogo ndi mdzukulu sangathamangire limodzi. Mmisiriyu sanagamule ndi zaka. Anayatsa kompyuta, n'kutsegula MSI Afterburner kuti manambala azioneka pakona ya sikirini, kenaka GTA V, gemu yomwe idafika pa kompyuta mu 2015. Khadi lomwe linalimo, GTX 750 Ti la mu 2014, linkasonyeza 99 peresenti, pomwe purosesa inali ndi mpata wopuma. Galimoto ya m'gemumo inkayenda motsimphina pang'ono.

Apa ndi pamene anachita chinthu chimene ndimachisirira mpaka lero chifukwa cha kuphweka kwake. Anatsitsa chithunzi kuchoka pa 1080p kufika pa 720p, n'kuchepetsa mithunzi ndi zokongoletsa zina. Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho 2,073,600, pomwe cha 720p chili ndi 921,600, osafika theka. Ntchito ya khadi yapepuka, koma ya purosesa ili chimodzimodzi, poti magalimoto ndi anthu a mumsewu sanachepe. Nambala ya zithunzi pa sekondi inalumpha n'kupitirira 60. Anayendetsa galimoto ija kulowa pakati pa tawuni pomwe pali chipwirikiti, maso ali pa nambala, ndipo sananene kanthu mpaka anazungulira kawiri.

"Waona, mphwanga? Ndamupeputsira katundu woyala njerwa, khoma lakwera. Ndiye kuti woponya akadali ndi mphamvu. Pa gemu iyi wofooka ndi khadi. Ndipo nambala imene yafikayi ndiye denga la purosesa yako. Ngakhale utagula khadi la mtengo wa ng'ombe, sudzapitirira pamenepa."

Popanda kugula chilichonse, popanda kubwereka khadi kwa munthu, anali atayeza malire a makinawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwake kunali kwa mphindi zosakwana khumi.

Kenaka anafunsa funso limene mnyamatayo sanaliyembekezere: anyamata ako amakonda kusewera chiyani? Yankho linali mpira, makamaka watsopano. Anatsegula FIFA 23, ndipo zinthu zinatembenuka. Ma core onse anayi anadzaza, khadi likugwira modukizadukiza, chithunzi chikudodoma pamene wosewera akuponya kona. Anatsitsanso chithunzi monga poyamba. Kudodoma kuja sikunachoke. Opanga gemuyo adalemba okha kuti purosesa yochepetsetsa ikhale i5-6600K, ya mu 2015, mibadwo itatu kutsogolo kwa iyi. Apa khadi latsopano likanakometsa udzu wa pabwalo, koma mpira ukanapitiriza kuima m'malere. Pali magemu enanso atsopano amene amafuna malangizo otchedwa AVX2, omwe mapurosesa a Intel adayamba kukhala nawo mu 2013. Pa makina ngati awa magemu oterowo satseguka n'komwe.

Kompyuta imodzi, tsiku limodzi, mayankho awiri osiyana. N'chifukwa chake ndimakayikira aliyense amene amayankha funsoli asanafunse dzina la gemu ndi mtundu wa sikirini.

Chotsatira anatembenuza kompyutayo n'kuwerenga kapepala ka pa power supply: mawati 275. Kangalande ka pa motherboard kamapereka mawati 75 okha, pomwe RTX 3060 imafuna 170, ndipo otsalawo amadzera pa chingwe chapadera chomwe m'bokosi limeneli mulibe. Walira mvula walira matope: khadi lalikulu likanafuna power supply ina, kutentha kukanachuluka m'kachipinda kamalata, ndipo magetsi akathima batire ndi inverter zikanatha msanga. Anasuzumiranso pa RAM n'kupeza kandodo kamodzi ka 8GB. Anati akapeze kena kofanana nako, chifukwa purosesa imatunga bwino pa mipopi iwiri kusiyana ndi umodzi.

Malangizo ake anawalemba pachikuto cha kope. Ngati ndalama zili zochepa, akuluwo atumize GTX 1650, ya mu 2019, mtundu wosafuna chingwe chapadera, pamodzi ndi kandodo ka RAM, ndipo akaipeza yotchipa, purosesa ya i7-3770, yomwe imalowa pamalo omwewo koma imagwira ntchito zisanu ndi zitatu nthawi imodzi m'malo mwa zinayi. Zimenezo zikwanira magemu akale ngati GTA V. Ngati mtima uli pa mpira watsopano, asiye kaye za khadi, asonkhanitse ndalama za motherboard, purosesa ndi RAM zatsopano, khadi lidzabwere pambuyo.

Mnyamatayo anakhumudwa, ndipo zinaoneka pankhope. Dzina la RTX anali atalitchula kale kwa makasitomala ake. Mmisiriyo sanamuseke kapena kumunyengerera. Anamupatsa mpando, n'kumuuza kuti atsitse yekha chithunzi, ayang'ane yekha nambala. Anabwereza kawiri mpaka mnyamatayo anagwedeza mutu.

Ine ndimaona kuti luso la munthuyu lili pawiri. Manja ake ndi odekha, inde, koma chachikulu ndi dongosolo la mafunso ake: kuyeretsa kaye, kuyeza, kufunsa ntchito imene makinawo amagwira, kuwerenga mawati, kenaka kulankhula. Akanangoti "gulani" akanalandira ndalama yoika khadi, ina yosintha power supply, inanso mnyamatayo akadzabwerera ndi madandaulo. Iye ankadziwa kuti ndalama ya ku Joni imabwera ndi thukuta, ndipo anailemekeza ngati yake.

Mnyamatayo anajambula chikuto cha kope chija ndi foni, n'kutumiza kwa mkulu wake pa WhatsApp ali pomwepo. Analipira ya phala loziziritsa ndi kusesa fumbi basi, n'kukulunganso kompyuta m'chitenje. Inu amene muli ndi kompyuta yakale ndipo mwalonjezedwa khadi, musanatumize uthenga tsegulani gemu imene mumasewera kwambiri, mutsitse chithunzi kufika pa 720p, muone ngati nambala ikwere.