Ulere kapena Ufulu? Ndemanga pa Mawu Ofotokozera Magemu a pa Linux

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idaleka kusamalira Windows 10 monga idali kuchitira nthawi zonse. Makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11 chifukwa alibe zipangizo zimene iyo imafuna, ndipo makompyuta akaunjika amene amafika m'matauni aang'ono monga Ntcheu kawirikawiri amakhala a msinkhu umenewu. Mwini kompyuta yotere amalangizidwa kuti aikemo Linux, ndipo chifukwa chimene amapatsidwa ndi chimodzi: akuti Linux ndi yaulere. Mnyamata wa pa boma la Ntcheu amene kompyuta adaigulira masewera amamva mawu amenewa monga adamvekera maphunziro aulere a pulayimale a m'chaka cha 1994, ndiye kuti chinthu chosalipira. Tanthauzo limeneli ndi loperewera, ndipo kuperewera kwake kumatayitsa munthu ndalama.

Dzina la masewerawa silivuta kwambiri. Olemba ena amati masewero, koma sewero ndi la pabwalo la zisudzo. Mpira ndi bawo ndi masewera. Ena amati masewera apakanema, kuiwala kuti kanema munthu amangoonera manja ali khale. Osewerawo eni ake amati gemu, zambiri magemu, ndipo liwu limeneli lidalowa kale m'gulu la maina monga adalowera buku ndi mabuku. Palibe chifukwa cholikanizira malo.

Vuto lenileni lili pa ulere. Linux idayambidwa ndi Linus Torvalds ku Helsinki m'chaka cha 1991, ndipo idakumana ndi ntchito ya GNU imene Richard Stallman adailengeza mu 1983. Pofotokoza mapulogalamu amenewa Chingerezi chimagwiritsa ntchito liwu lakuti free, limene lili ndi matanthauzo awiri: chosagula, ndiponso chomasuka. Eni ntchitoyi adanenetsa kuti akutanthauza lachiwirilo. Munthu ali ndi chilolezo chogwiritsa ntchito pulogalamu, kuwerenga malemba amene idapangidwira, kuisintha, ndi kugawira anzake. Chichewa chilibe chisokonezo chimenechi, pakuti ulere ndi ufulu ndi mawu awiri osiyana. Womasulira akasankha ulere amabweretsa m'chiyankhulo matenda amene mudalibe. Pa Lizulu, pamene msewu wa M1 umayenda m'malire, kungodumpha msewu munthu wafika ku Mozambique, kumene Chipwitikizi chimasiyanitsa gratuito ndi livre, ndipo mapulogalamuwa chimawatcha livre. Anansi amenewa adasankha bwino.

M'kamwa mwa osewera ulere ukunyamula zinthu zitatu zosagwirizana. Choyamba ndi gemu kapena Windows yokopedwa mwakuba, yopezeka pafulashi m'malo obenera nyimbo, imene lamulo loteteza zaluso la 2016 sililola. Chachiwiri ndi magemu monga Dota 2, Counter-Strike 2 ndi Fortnite, amene munthu amayamba kusewera osalipira koma kapangidwe kake ndi chinsinsi cha kampani. Chachitatu ndi magemu monga SuperTuxKart, 0 A.D. ndi Battle for Wesnoth, amene aliyense angakope, kusintha ndi kupatsa mnzake popanda mlandu. Liwu limene likuika wakuba, wotsatsa malonda ndi wopatsa m'dengu limodzi silikugwira ntchito yake.

Chisokonezo chimakula pamene nkhani yafika pa magemu otchuka. N'zoona kuti zinthu zidasintha. Mu Febuluwale 2013 kampani ya Valve idatulutsa Steam, sitolo yake ya magemu, ya pa Linux. Mu Ogasiti 2018 idawonjezera Proton, ndipo mu 2022 idayamba kugulitsa Steam Deck, chipangizo cha m'manja choyendera Linux. Proton idamangidwa pa Wine, ntchito imene idayamba mu 1993. Chimene imachita ndi ichi: gemu yolembedwera Windows ikapempha kuti chithunzi chijambulidwe kapena mawu amveke, Proton imatembenuza pempholo kuti Linux ilimve. Ena poifotokoza amati imatsanzira Windows. Kutsanzira ndi ntchito ya mapulogalamu ena, amene amachititsa kompyuta kukhala ngati PlayStation yakale. Proton ndi womasulira, wofanana ndi uja amaima pakati pa woweruza ndi mboni m'khoti, ndipo liwu lakuti chomasulira lingathandize wophunzira kumvetsa chifukwa chake magemu zikwi zambiri amayenda bwino, komanso chifukwa chake ena amakana.

Amakana chifukwa pali mawu amene womasulira saloledwa kumva. Makampani ena amaika m'magemu awo mlonda wogwira onyenga, amene amakhala m'kati mwenimweni mwa Windows ndipo sazindikira nyumba ina. Fortnite ndi Valorant sizisewereka pa Linux. Apex Legends idali kusewereka, koma eni ake adatseka khomo mu Okutobala 2024. Kwa wosewera wa ku Ntcheu chopweteka koposa ndi mpira. Kampani ya EA idaika mlonda wotere mu FIFA 23 ya pakompyuta m'chaka cha 2022, ndipo magemu otsatira, amene kuyambira 2023 akutchedwa EA Sports FC, sayenda pa Linux. Munthu amene akufuna kutsegula kachipinda ka magemu pamsika wa Kampepuza akafufuta Windows chifukwa chomva kuti kuli ya ulere yosewera chilichonse, adzapeza kuti wafufuta gemu imene anyamata akadamlipira.

Ngakhale magemu amene amayenda sali aulere. Ambiri amagulidwa ndi ndalama zakunja kudzera pakhadi la kubanki, m'dziko limene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Magemu aakulu amasiku ano amapitirira magigabayiti 50, ndipo amene amagula bandulo ya sabata akudziwa tanthauzo la nambala imeneyi. Kompyuta yokalamba imene Windows 11 yaikana sidzasanduka yatsopano chifukwa cha Linux. Idzapepukidwa, idzatetezeka, koma gemu yofuna khadi lamphamvu la zithunzi idzailemerabe.

Komabe si bwino kuti ndemanga ino imveke ngati yonyoza Linux. Chimene liwu la ulere likubisa ndicho chamtengo wapatali kwa woyankhula Chichewa. Mawu onse amene amaoneka m'magemu ambiri a gulu lachitatu lija amasungidwa m'mafayilo apadera, ndipo aliyense ali ndi chilolezo chowamasulira. GCompris, imene Bruno Coudoin adayamba m'chaka cha 2000, ndi mtolo wa masewera ophunzitsa ana kuwerenga, masamu ndi kugwira mbewa ya kompyuta. Tux Paint ya Bill Kendrick, ya mu 2002, ndi yojambulira. Mphunzitsi wa ku Nsipe kapena ku Tsangano wodziwa Chingerezi ndi Chichewa angathe kuika mawu ake m'mapulogalamu amenewa osapempha chilolezo ku America, n'kuwakopera pafulashi, n'kugawira sukulu yoyandikana nayo popanda intaneti. Pa FIFA sangachite zimenezi ngakhale atalipira. Mphunzitsi wouzidwa kuti pulogalamu ndi yaulere amathokoza n'kukhala pansi, chifukwa mphatso saisintha. Akadauzidwa kuti ndi yaufulu akadafunsa kuti ufuluwo ndi wochita chiyani.

N'zochititsa chidwi kuti mtundu wa Linux wodziwika kwambiri uli ndi dzina losafuna mtanthauziramawu m'boma la Angoni a Gomani. Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adaitulutsa mu Okutobala 2004, idatenga dzina lake ku ziyankhulo za Chinguni, kwawo kwa makolo a Amaseko, ndipo Chichewa chimati umunthu. Dzinalo likunena za kugawana, osati za mtengo.

Choncho pulogalamu yaufulu, mapulogalamu aufulu ndi gemu yaufulu ndi mawu oyenera kuyesedwa. Ena adzati ufulu ndi liwu landale, lokumbutsa 1964 ndi zisankho. Kudandaula kumeneku kuli ndi maziko, koma liwulo lidatuluka kale m'bwalo la ndale: pali ufulu wa ana, ufulu wa ogula, ufulu wa odwala. Ulere usungidwire magemu a gulu lachiwiri, pamene ukunena zoona, ndipo zokopa mwakuba zitchedwe zakuba.

Patsala liwu lachiwiri la Chingerezi, open source, limene lidayamba kufala mu 1998. Ena alimasulira kuti pulogalamu ya gwero lotsekula, ena angoti yotsekula. Gwero ndi la mtsinje kapena la nkhani, ndipo yotsekula, ikaima yokha, khutu la Mchewa limaithamangitsira m'mimba. Chimene chikunenedwa ndi chakuti malemba opangira pulogalamuyo sadabisidwe. Pulogalamu yosabisa kapangidwe ndi mawu aatali, koma mwana wa fomu 1 angawamve osafunsa, ndipo amatsatira maina onse bwino lomwe: gemu yosabisa kapangidwe, magemu osabisa kapangidwe.