Malangizo a Ukalamba Wabwino Akulankhula ndi Yani?

Chaka chilichonse likamayandikira tsiku la 1 Okutobala, lomwe bungwe la United Nations linalipatula kukhala lokumbukira anthu achikulire, pamatuluka mtundu wina wa zolemba womwe tsopano tinauzolowera. Timaumva pa wailesi, timauona pa zipupa za zipatala, ndipo ana athu amatitumizira pa WhatsApp. Mitu yake imasiyana koma nkhani ndi imodzi: zinthu zisanu kapena khumi zoti muzichita tsiku ndi tsiku kuti mukalambe ndi thanzi ndi chimwemwe. Yendani. Idyani masamba ndi zipatso. Chepetsani mchere. Imwani madzi. Gonani mokwanira. Chezani ndi anzanu. Ine ndakhala ndikuwerenga zolembazi kuno ku Kaning'ina, m'nyumba momwe tikukhala ndi mayi anga omwe anapyola zaka 70, ndipo ndikufuna ndiziunike monga momwe timaunikira buku: zanena zoona zotani, zikulankhula ndi yani, ndipo zasiya chiyani.

Tiyambe ndi kuziyamikira, pakuti sizinama. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, womwe ndi pafupifupi supuni imodzi yaing'ono ya tiyi, ndiponso kuti azigwiritsa ntchito thupi lake kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kafukufuku wa STEPS yemwe anachitika m'dziko muno m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Anthu amenewo ndiwo agogo a lero. Choncho yemwe akulemba za mchere ndi kuyenda akulemba za imfa ndi kufa ziwalo komwe tikukuona m'makomo mwathu.

Vuto la zolembazi lili pa munthu yemwe zikumulozera chala. Chiganizo chilichonse ndi lamulo lopita kwa wokalambayo payekha, ngati kuti chikwama cha ndalama, mphika wa ndiwo ndi kiyi wa chitseko zonse zili m'manja mwake. Kodi m'nyumba zathu wothira mchere mu ndiwo ndani? Ndi mpongozi, mdzukulu kapena wantchito. Wopita ku chigayo n'kusankha ngati ufa ukhale mgaiwa kapena woyera ndani? Wogula shuga, mafuta ophikira ndi zakumwa zotsekemera ndani? Gogo amadya chomwe chabwera m'mbale, ndipo mwambo unawaphunzitsa kuti chakudya cha pakhomo pa mwana sachinyoza. Kuwauza iwo kuti achepetse mchere, wophikayo osauzidwa kanthu, n'chimodzimodzi kulangiza wokwera basi za liwiro, dalaivala osamuuza.

Kufooka kumeneku kumaonekera kwambiri pa lamulo loti "Yendani". M'nyumba zathu muli lamulo lina lamphamvu kuposa ilo, lomwe timalinena mwaulemu ndi mwachikondi: "Khalani pansi, amayi, ana achita." Mayi anga ali kumudzi ankalima, kusesa pabwalo, kutola nkhuni ndi kuyenda ulendo wautali kukaona odwala. Titawatengera ku tawuni tinawalanda zonsezo limodzi. Tsache tinapereka kwa mdzukulu, khasu tinabisa, ndipo ulendo uliwonse tinkawaitanira njinga yamoto. Tinkaona ngati tikuwabwezera ulemu. Chisanathe chaka anayamba kudzuka pa mphasa mogwira khoma, ndipo nkhope yawo inasiya kuwala. Sanadwale matenda aliwonse omwe tikanawatchula dzina. Minofu yosagwira ntchito imafota, ndipo kwa munthu wachikulire imafota msanga koma imabwerera movutikira.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwambiwu umalemekeza nzeru zawo, koma ife tinaumva ngati ukutiuza kuti wamkulu akhale phee ngati madzi a m'thamanda. Malangizo a World Health Organization a m'chaka cha 2020 amati anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa minofu ndi zowathandiza kuima osadzandira masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata, pofuna kupewa kugwa. Zolemba zomwe tikuziunikazi zikafika pamenepa zimatisonyeza chithunzi cha azungu a imvi atavala nsapato zothamangira. Gogo wa ku Kaning'ina akachiona amadziwa kuti nkhaniyo si yake. Chikhalirecho zolimbitsa thupi ali nazo kale: kadimba ka masamba kuseri kwa nyumba, kusesa, kuchapa tizovala take, kutsetsereka ndi kukwera zitunda za dera lino popita ku msika kapena ku mzikiti. Ngakhale Swala yomwe, ndi kuima, kuwerama, kugwetsa nkhope pansi ndi kudzukanso kasanu pa tsiku, imasunga mawondo ndi msana zili zofewa. Yemwe mawondo amukanika amaloledwa kuswali atakhala, koma tisathamangire kupereka mpando kwa yemwe sanaupemphe. Sindikunena kuti tiwasenzetse ndowa ya madzi kapena thumba la makala. Ndikunena kuti pakati pa kumuzunza munthu ndi ntchito ndi kumulanda ntchito iliyonse pali mpata waukulu, ndipo thanzi lake lili mu mpata umenewo.

Pa nkhani ya zakudya, zolembazi zimaonetsa poyera kuti zinabadwira kwina. Zimatchula zipatso ndi mafuta omwe amapezeka m'masitolo akuluakulu okha, n'kusiya bonongwe, chisoso, nkhwani, chigwada ndi kholowa, zomwe zina zimamera zokha m'mphepete mwa munda. Sizitchula usipa wa ku Nkhata Bay, nyemba, nsinjiro, mapeyala ndi nthochi zomwe zimadzaza msika wa Mzuzu. Zotsatira zake n'zakuti wosauka amaganiza kuti kudya bwino n'kwa olemera, pomwe mwana yemwe wapeza bwino amabweretsera kholo lake buledi woyera, mandasi ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga, n'kumati akulisamala. Zolembazi zimaiwalanso mano. Munthu yemwe mano anatha amasiya masamba olimba, nyama ndi chimanga chokazinga mwakachetechete, n'kutsalira phala lokha. Langizo lothandiza likanapita kwa wophika: phikani ndiwo zofewa, sinjani usipa, thirani nsinjiro m'phala. Tionjezepo za chilankhulo. Zambiri mwa zolembazi zili m'Chingerezi, zochepa m'Chichewa, pomwe agogo ambiri a mu mzinda uno amaganiza ndi kulota m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chiyao.

Pali zinanso zomwe wolemba wodziwa Mzuzu sakanazisiya. Mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira kwambiri, ndipo timalowetsa mbaula m'chipinda cha gogo n'kutseka mazenera onse. Mpweya wa makala oyaka m'chipinda chotseka umapha munthu ali m'tulo, ndipo sununkha. Bulangete lowonjezera ndi masokosi n'zotetezeka kuposa mbaula. Nyengo ya mvula kanjira ka dothi kopita ku chimbudzi kamaterera, ndipo munthu wachikulire akathyoka fupa la m'chiuno nthawi zambiri sayendanso monga kale. Miyala ingapo pa kanjirako, tochi pafupi ndi pogona ndi ndodo yabwino zimapulumutsa moyo. Maso a ng'ala amachiritsika ndi opaleshoni, koma ife timangoti ndi ukalamba. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi amamwedwa tsiku lililonse ngakhale munthu akumva bwino, koma angati amasiya mutu ukangoleka kupweteka? Kuyezetsa magazi ku Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital kumafuna wowaperekeza ndi wowakumbutsa tsiku. Ndipo Ramadhan ikayandikira, kholo lomwe limamwa mankhwala a shuga liyenera kuonana ndi dokotala lisanayambe kusala, pakuti chipembedzo chinapereka chilolezo kwa wodwala ndi wokalamba wofooka, ngakhale ambiri amachita manyazi kuchilandira pamaso pa adzukulu.

Langizo lomwe limalembedwa mopepuka kwambiri ndi lomaliza lija, "Chezani ndi anzanu", chonsecho ndilo lolemera kuposa onse. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Harvard yemwe anayamba m'chaka cha 1938, wotsata miyoyo ya anthu kuchokera ku unyamata mpaka ku ukalamba, anapeza kuti ubale wabwino ndi anthu ena umagwirizana kwambiri ndi thanzi ndi chimwemwe cha munthu akakula. Koma gogo yemwe anzake ena anamwalira, ena anatsala kumudzi, angacheze ndi yani ngati tonse timachoka m'mawa n'kumusiya ndi wailesi yakanema? Komanso kwathu kuno kusungulumwa kuli ndi zoopsa zomwe olemba akunja sazidziwa. Wokalamba yemwe amakhala yekha, yemwe wayamba kuiwala mayina, kulankhula yekha kapena kusochera usiku, amatchedwa mfiti, pomwe nthawi zambiri ndi matenda a ubongo obwera ndi ukalamba. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi achikulire anaphedwa pa mlandu wotere. Dziko lino lili ndi ndondomeko yoona za anthu achikulire ya m'chaka cha 2016, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lowateteza. Mabungwe monga MANEPO akhala akufuula. Komabe chomwe chimatchinjiriza gogo tsiku ndi tsiku ndi kudziwika: anansi omwe amamuona pa zochitika, ana a ku madrasa omwe amamupatsa moni pomutchula dzina, ndi mdzukulu yemwe amadya naye mbale imodzi.

Chigamulo changa pa zolembazi n'chakuti mankhwala ake ndi oona koma alembedwa pa dzina lolakwika. Zizolowezi za ukalamba wabwino sizisungidwa ndi munthu mmodzi. Zimasungidwa ndi khomo lonse, ndipo zolembazi zikanayenera kulankhula ndi ife a zaka 30, 40 ndi 50, omwe tagwira mphika ndi chikwama, omwenso tikukonza lero ukalamba wathu womwe. Kwathu tinayamba ndi kubweza khasu laling'ono lija. Mayi anabzala mpiru ndi nkhwani kuseri kwa nyumba, ndipo madzulo aliwonse amaitana mdzukulu kuti awatungire madzi othirira, uku akumukalipira kuti akuponda mbewu. Tsiku lina ndinapita kukawalandira khasulo poona kuti dzuwa lakwera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, ukafuna kundithandiza, tenga lina ubwere tilime."