Ng'oma za pa kompyuta zimafuna manja awiri ndi mapazi awiri

Nyimbo zambiri zimene tikumva pa wailesi masiku ano, zauzimu ndi zachikunja zomwe, ng'oma zake sizinaimbidwe ndi munthu. Zinakonzedwa pa kompyuta m'kachipinda ka kunyumba, mu FL Studio kapena Cubase. Ine sindiona cholakwika pamenepo. Ng'oma za bandi n'zodula, ndipo kuzijambula bwino kumalira mamaikolofoni angapo ndi chipinda choyenera. Chimene chimandipweteka ndi biti imene ikufuna kuti tikhulupirire kuti pali munthu wakhala pampando ndi timitengo m'manja, koma khutu n'kukaniratu vesi yoyamba isanathe.

Bodzalo limayamba kuonekera pa mphamvu ya kagundidwe. Mu MIDI, njira imene makina oimbira akhala akulankhulirana kuyambira 1983, kugunda kulikonse kuli ndi velocity yake, kuchokera pa 1 mpaka 127. Ophunzira kumene amasiya zonse pa nambala imodzi. Komatu dzanja la munthu siligwa mofanana kawiri, ndipo ng'oma ikagundidwa mofatsa sikuti imangotsika mawu ayi, chikopa chimalira mtundu wina. N'chifukwa chake opanga EZdrummer ndi Superior Drummer, a Toontrack a ku Sweden, amajambula ng'oma imodzi kambirimbiri pa mphamvu zosiyanasiyana, ndipo pulogalamuyo imasinthanitsa mawuwo kuti amodzimodzi asabwere motsatizana. Amene ali ndi sample imodzi yokha ya snare, akaithamangitsa imalira ngati mfuti yachiwaya.

Mverani ng'oma za Clyde Stubblefield mu “Funky Drummer” ya James Brown, imene inatuluka mu 1970. Pakati pa kugunda kwakukulu kwa snare pali tina tofooka, tongokhudza chikopa, timene oimba amati ghost notes. Womvera wamba satizindikira, koma titachotsedwa phazi lake lingasiye kugwedera. Pa kompyuta timeneti timakhala pa velocity yapansi, mwina 20 mpaka 40, ndipo timafuna munthu woleza mtima kuti atiike kamodzikamodzi.

Nkhani yaikulu ili pa nthawi. Quantize imakokera kugunda kulikonse pa mzere wake ndendende. Apulodyusa ambiri akamva kuti biti yauma amathamangira batani la humanize, limene limamwaza kagundidwe, kwina patsogolo kwina pambuyo, mwachisawawa. Apa ndikutsutsa ndi mtima wonse. Woimba ng'oma waluso sasochera mwachisawawa. Akachedwa pang'ono apa, kuchedwako kumakhudza kugunda kotsatira, kenaka amabwerera pang'onopang'ono. Holger Hennig ndi anzake, pa kafukufuku amene anasindikiza mu 2011, anapeza zomwezi: kupatuka kwa munthu pa nthawi kumalumikizana kuchokera pa kugunda kwina kufika pa kwina, ndipo omvera anakonda nyimbo yokonzedwa motero kuposa yongomwazidwa. Batani lija limatipatsa woimba wosakhazikika, pamene ife timafuna woimba wodziwa chimene akuchita.

Amene anadziwa chimene akuchita ndi J Dilla wa ku Detroit. Pa makina ake a Akai MPC3000 nthawi zina ankazimitsa quantize n'kumagunda ndi zala, kick ndi snare zikupatuka pa mzere mwadala, ndipo kupatukako kunkabwereranso pa malo omwewo bara iliyonse. Kagundidwe kake kanakopa ngakhale oimba ng'oma zenizeni, moti Questlove anakatengera pa chimbale cha D'Angelo, “Voodoo”, cha mu 2000. Phunziro lake n'losavuta kunena: sankhani kuti snare yanu ichedwe kapena ifulumire, muisunthe ndi mamilisekondi ochepa, ndipo muime pa chosankhacho nyimbo yonse. Wokonza reggae amvetsere Carlton Barrett wa gulu la The Wailers. Mu one drop yake kugunda koyamba kumasiyidwa kopanda kick, kick ndi m'mphepete mwa snare zimagwera limodzi pa kwachitatu, ndipo moyo wonse uli mu hi-hat imene siyenda molunjika.

Kwathu kuno pali msampha wina. FL Studio ikatsegulidwa imagawa kugunda kumodzi panayi, tizigawo 16 pa bara. Magule athu ambiri amayenda patatupatatu. Pulodyusa akawapanikiza mu tizigawo tinayi chifukwa choti ndi timene wapeza, chiuno cha gule chimathyoka. Asinthe mizereyo asanaike kalikonse. Akumbukirenso kuti pabwalo la Gule Wamkulu ng'oma ya mbalule imatsata mapazi a wovina pamene ng'oma zinazo zagwira mayendedwe. Mu nyimbo yojambula, wovina ameneyo ndi mawu a woimba. Ng'oma imodzi iloledwe kumuyankha.

Kenaka thupi. Munthu ali ndi manja awiri ndi mapazi awiri basi. Manja akapita pa ma tom, hi-hat ya kamtengo iyenera kuleka. Crash nthawi zambiri imagwa pamodzi ndi kick. Hi-hat yotsegula imatsekedwa ndi phazi, singapitirize kulira yotseka italowa kale. Ndimamva nyimbo zabwino ndithu momwe ride, hi-hat, snare ndi tom zikulira nthawi imodzi, ndipo womvera, ngakhale sadziwa dzina la chida chilichonse, amamva kuti china chake sichili bwino. Za kusakaniza mawu ndingonena chimodzi: ng'oma zonse zimveke kuti zili m'chipinda chimodzi, osati iliyonse ndi reverb yakeyake.

Si nyimbo iliyonse imene ikufunika zonsezi. Roland TR-808 ya mu 1980 sinkamveka ngati ng'oma zenizeni, koma hip hop inamangidwa pa iyo. “Under Mi Sleng Teng” ya Wayne Smith, ya mu 1985, inachokera pa kakiyibodi ka Casio MT-40 ndipo inatembenuza nyimbo za ku Jamaica. Makina akamveka monga makina, ndi luso lina palokha, lolemekezeka. Koma mukasankha kuti timve munthu, mutipatse munthu wathunthu.

Choncho inu a m'masitudiyo a kunyumba, musanasake pulogalamu ina yatsopano, pitani kutchalitchi kapena kumene bandi ikukonzekera, mukakhale kumbuyo kwa woimba ng'oma, mukaone chimene dzanja lake lamanzere limachita pamene lamanja lili pa hi-hat. Mukabwerako, tsegulani biti yanu mukonze.