Cimene cimagwira osewera ma visual novel si kusankha

Mukafunsa cifukwa cake masewera a visual novel amakoka anthu, yankho lofulumira kubwera ndi lakuti wosewera ndiye amasankha. M'buku wamba, amatero, wolemba ndiye mfumu, koma kuno mphamvu zili ndi iwe: ukafuna kuti mnyamata atsegule citseko atsegula, ukafuna kuti athawe athawa. Otsatsa malonda amawakonda mau amenewa. Ine sindigwirizana nawo. Masewera amene anandigoneka mocedwa, uku mawa lake ndili ndi kalasi m'mamawa, si aja okhala ndi zosankha zambiri. Lina mwa iwo linalibe cosankha ngakhale cimodzi. Ndicenjeze kuti pofotokoza izi ndiulula mathero a nkhani zingapo.

Kwa amene sanaonepo, visual novel ndi nkhani yolembedwa imene imawerengedwa pa kompyuta, pa foni kapena pa makina a masewera. Kumbuyo kuli cithunzi ca malo, kutsogolo kwaima munthu wojambulidwa, pansi pali kabokosi ka mau. Pamalira nyimbo, ndipo m'masewera ambiri mumamveka mau a anthu olankhula. Ukawerenga mzere umadina, mzere wina n'kubwera. Nthawi ndi nthawi nkhani imaima n'kukufunsa ngati upite kunyumba kapena utsale kusukulu, ndipo yankho lako limaipatutsa. Kwawo kwa masewerawa ndi ku Japan. Kampani ya Chunsoft inatulutsa Otogirisō mu 1992 ndi Kamaitachi no Yoru mu 1994 n'kuwacha ma sound novel, ndipo dzina lakuti visual novel linafala ndi kampani ya Leaf, imene inatulutsa Shizuku ndi Kizuato mu 1996, kenako To Heart mu 1997.

Cimene cimacititsa munthu kutenga sewero ili n'kusiya lija sicivuta kufotokoza. Kawirikawiri ndi nkhope ya pa cikuto, kapena anime imene anaonera kale, kapena mnzake amene anamuuza kuti udzalira ndithu. Nthawi zina n'cifukwa cakuti ndi laulere basi. Hiroki Azuma, m'buku lake la mu 2001 lonena za okonda zinthu zotere ku Japan, ananena kuti iwo sadyanso nkhani yaikulu koma tizidutswa: mtundu wa tsitsi, magalasi a m'maso, kalankhulidwe, zovala, zimene ojambula amatola m'nkhokwe imodzi n'kumazisakaniza kuti zidzutse cikondi mwa woonera. Pa nkhani ya kulowa pakhomo, Azuma ali ndi mfundo. Koma tsitsi lobiriwira silingamukhazike munthu pa mpando maora 50.

Umboni wanga woyamba ndi Higurashi no Naku Koro ni, imene Ryukishi07 analemba n'kumagulitsa cigawocigawo pa msika wa Comiket kuyambira 2002 kufikira 2006. Zithunzi anajambula yekha, ndipo kunena zoona n'zosakongola: manja a anthu ake amaoneka ngati avala magolovesi a nkhonya. M'nkhani yake, monga inatulukira poyamba, wosewera sapatsidwa mphambano yoti asankhepo njira. Ili ndi zigawo 8, zinai za mafunso ndi zinai za mayankho, ndipo zambiri zimabwerera ku June 1983 m'mudzi wa Hinamizawa. Keiichi, mnyamata wocokera ku tauni, amaceza ndi anzake atsopano, amasewera makhadi akaweruka, amanyozana ndi kuseka, ndipo izi zimatenga maora. Kenako kumabwera cikondwerero ca Watanagashi, wina amafa, wina amasowa, anzake aja amayamba kumuyang'ana ndi maso ena, cigawo n'kuthera m'magazi. Ukatsegula cigawo cotsatira, onse ali moyo, makhadi ali pa tebulo, Rena akuseka monga kale. Keiichi sadziwa kanthu. Iwe ukudziwa. Kuseka komwe kuja kumene unaseka nako poyamba tsopano kumakuumitsa m'kamwa, ndipo umayamba kuwerenga nthabwala iliyonse ngati wapolisi wofunafuna pamene zinthu zinakhotera.

Apa ndiye pagona mphamvu ya mtundu umenewu wa zolemba. Umakubweza ku masiku amodzimodzi uli ndi cidziwitso cimene anthu a m'nkhani alibe. Buku labwino lililonse limasintha ukaliwerenga kaciwiri, ndipo izi timauza ana a sukulu caka ndi caka, iwo n'kumangotiyang'ana. Visual novel inatenga kuwerenga kaciwiri kumeneko n'kukusandutsa msana wa nkhani. Sungaimalize usanabwereze.

Taonani Fate/stay night ya mu 2004, yolembedwa ndi Kinoko Nasu. Ili ndi njira zitatu zodutsa m'masabata awiri omwewo, koma sungayambe ndi imene ukufuna. Yaciwiri imatseguka ukamaliza yoyamba, yacitatu ukamaliza yaciwiri. M'njira yoyamba Shirou amagwiritsa loto lake lokhala mpulumutsi wa anthu onse. M'yaciwiri amakumana ndi iye mwini wam'tsogolo, munthu amene lotolo linamutha ndipo akulitemberera. M'yacitatu amalitaya kuti apulumutse munthu mmodzi, Sakura. Njira yacitatu imapweteka cifukwa ziwiri zija zakuphunzitsa kale mtengo wa cimene akutayaco. Uwu ndi mtsutso wa magawo atatu woikidwa m'ndondomeko imene wolemba anafuna, ndipo zosankha zambiri zapanjira zimangokugwetsera m'mathero oipa, amene alipo 40, n'kukubweza pa msewu wa Nasu. Ufulu wake ndi wa mbuzi ya pa cingwe.

Nanga kusankha kuli ndi nchito yanji? Kumakupatsa mlandu. Mu Steins;Gate ya mu 2009, zosankha zimabisika m'foni ya Okabe: kuyankha kapena kusayankha, kutumiza uthenga kapena kuleka. Iye ndi anzake ku Akihabara amapeza njira yotumizira mauthenga ku masiku akale, ndipo amaigwiritsa nchito kukwaniritsa zokhumba za anzawo. Faris, mwacitsanzo, amabweza atate ake amene anamwalira. Kenako Mayuri amaphedwa, ndipo Okabe akabwerera m'mbuyo kuti amupulumutse amafanso mwa njira ina, kambirimbiri. Kuti Mayuri akhale moyo, mauthenga aja ayenera kufafanizidwa umodziumodzi, kutanthauza kuti atate a Faris afenso. Sewero limaima pamenepo foni ili m'manja mwa Okabe, kudikira cala cako. M'buku ukanati wolemba uyu ndi wankhanza, n'kutembenuza tsamba. Kuno wadina ndiwe, ndipo ndaona kuti munthu akadzimva kuti walakwira wina sacoka msanga, amafuna akonze.

Ngakhale kudina wamba kuja kopititsa mzere kuli ndi nchito. Kumandikumbutsa nthano za kwathu, pamene wokamba amati padangokhala, omvera n'kuyankha kuti tili tonse, ndipo akaleka kuyankha nthano imaima. Filimu imapitirira ngakhale wagona. Buku limayala tsamba lonse pamaso pako, diso n'kumaba mzere wapansi usanafikeko. Visual novel imakupatsa mzere umodzi n'kudikira kuti uvomere kuti ukadalipo. Wolemba wodziwa nchito amazimitsa nyimbo, n'kusiya mau atatu okha pa cithunzi cakuda, ndipo kacetecete ameneyo amatalika malinga ndi mantha ako. Amene anamverako Julius Chongo pa Poceza M'madzulo akudziwa zimene kupuma pang'ono pakati pa mau kumacita kwa womvera. Kamaitachi no Yoru inafika posajambula n'komwe nkhope za anthu ake, inangoika zithunzithunzi zabuluu m'nyumba ya alendo yozingidwa ndi cipale cofewa, ndipo mantha anakwana.

Pali dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri, lakuti masewerawa amacedwa kuyamba. N'zoona. Theka loyamba la Steins;Gate ndi anyamata ndi atsikana ongocezera m'kacipinda pamwamba pa sitolo ya ma TV akale. Ena amatalikitsa cabe kuti ogula aone ngati ndalama yawo yagwira nchito, ndipo amenewo sindiwaikira kumbuyo. Koma m'manja mwa olemba abwino masiku opanda kanthu aja ndiwo mbeu. Kampani ya Key, imene inatulutsa Kanon mu 1999 ndi Clannad mu 2004, inachuka ndi masewera oliza anthu, ndipo njira yake siibisika: kukuseketsa ndi munthu kwa nthawi yaitali mpaka umuzolowere, kenako n'kukulanda. Mu Clannad, gawo lochedwa After Story limatseguka ukatsiriza nkhani za anthu ena a m'tauniyo. M'menemo Tomoya amamaliza sukulu, amapeza nchito ya zamagetsi, amakwatira Nagisa, ndipo Nagisa amamwalira pobereka mwana wawo Ushio. Mathero ena, amene Nagisa amakhala moyo, amabwera ndi timipira ta kuwala timene umatola pothandiza anthu m'njira zinazo. Monga nkhani, cozizwitsa cimeneci cimandinyong'onya, cifukwa cimafufuta cisoni cimene cinalembedwa bwino kwambiri. Koma ndimamvetsa cifukwa cake osewera amacilandira. Sicinagwe kumwamba, anacilipira okha ndi maora awo.

Kubwereza kuli ndi mbali yake yonyansa, ndipo ili m'kabatani kodumphira zimene unawerenga kale. Ukakadina, masiku amathamanga, nkhope zimaphethira, zokambirana zimene zinakuliza dzulo zimadutsa ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu uli m'basi, mpaka sewero litaima pa mzere watsopano. Pamenepo anthu aja asanduka zitseko zoti udutsepo. Doki Doki Literature Club!, imene Dan Salvato wa ku America anatulutsa kwaulere mu 2017, inamangidwa pa bala limeneli. Imayamba ngati nkhani yacikondi ya kusukulu: atsikana anai, kalabu ya ndakatulo, iwe n'kumasankha mau okondweretsa amene wamufuna. Koma Monika sanapatsidwe njira yake, ndipo akudziwa. Sayori akadzipha, sewero limafafaniza malo onse amene unasungira nkhani, kuti usabwerere kukakonza monga unazolowera. Pambuyo pake, kuti nkhani ipitirire, uyenera kutuluka m'sewero, kulowa m'mafailo a kompyuta yako n'kufufuta failo ya Monika ndi dzanja lako. Si sewero la ana, ndipo limacenjeza lokha poyamba. Koma funso limene limafunsa, lakuti amene sunamusankhe uja amatsala kuti, ndi kusuliza kwabwino kuposa zambiri zimene ife osuliza timalemba.

Funsolo likuloza cinthu cimene sindingacilambalale. Masewera ambiri oyambirira, kuphatikizapo Shizuku, Kanon ndi Fate/stay night, anatuluka poyamba ali a akuluakulu okha, okhala ndi zithunzi zakugonana, ndipo mafupa a ciyambi cimeneco akadalimo ngakhale m'masewera oyera: yankha bwino kasanu, mtsikana ndi wako. Masewera olembera akazi, monga Hakuōki ya mu 2008, anatembenuza amene akusankha ndi amene akusankhidwa, koma nawonso kawirikawiri cikondi cimakhala mphoto ya mayankho olondola. Monga mphunzitsi wa acinyamata, phunziro limenelo limandidetsa nkhawa kuposa magazi a mu Higurashi.

Ndipo zimene acinyamata amafikira msanga pa foni si Higurashi kapena Clannad, amene amafuna ndalama ndi Cizungu ca maora ambiri. Ndi mapulogalamu aulere onga Episode ndi Choices. Amenewa aphunzira njira ina yogwirira munthu. Cigawo cimathera pamene mtima uli m'mwamba, cotsatira cimafuna kiyi kapena tikiti imene uyenera kudikira kapena kugula. Mystic Messenger ya ku South Korea, ya mu 2016, imatsegula maceza ake pa maora enieni kwa masiku 11, usiku womwe, ndipo ukaphonya umalipira ndi ndalama za m'seweromo kuti uwatsegulenso. Mu Choices, nkhani ikafika pokoma imakuikira zosankha ziwiri: covala cokongola kapena cakale, kutsala ndi wokondedwa wako usiku uno kapena kupita kukagona, ndipo cokomaco cili ndi mtengo wa madayamondi. Sindinapeze m'menemo tsiku limene limasintha tanthauzo ukalibwerera. Koma ufulu wosankha uja umene otsatsa malonda amalonjeza ulimodi, malinga ngati m'foni muli ndalama.