Nzika yokhala ndi mwini wake

Mu Okutobala 2017, pa msonkhano wa anthu a chuma mumzinda wa Riyadh, kudalengezedwa kuti dziko la Saudi Arabia lapereka unzika kwa loboti yotchedwa Sophia, yopangidwa ndi kampani ya Hanson Robotics ya ku Hong Kong. Ili ndi nkhope ya mkazi, imaphethira, imamwetulira, ndipo tsikulo idathokoza pamaso pa khamu. Ena mwa ife timaonera kanema wake mosilira, poti zidachitikira m'dziko la Makka ndi Madina. Ine ndikamuonera mtima suchita bwino.

Chidachitika pabwalo paja chinali sewero. Akatswiri a makompyuta adanena poyera kuti mayankho ambiri a Sophia amachita kukonzedweratu ndi anthu. Seweroli ndilibe nalo mlandu; ngakhale ana athu amaumba zidole zadothi n'kumazilankhulitsa. Chondivuta ndi mawu akuti unzika. Nzika ndi munthu amene akalakwa amaimbidwa mlandu, akalakwiridwa amadandaula. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Ahzab, imatiphunzitsa kuti amana adaisenza ndi munthu, ndipo amene wasenza ndiye adzafunsidwe pa tsiku la Kiyama. Loboti ilibe niya, ilibe mzimu. Ikanama kapena ikapweteka munthu, wolakwa ndi amene adaipanga ndi amene adaituma. Tikazolowera kuitcha nzika, eni akewo apeza pobisala, ndipo mawa adzatiuza kuti adalakwitsa ndi makina.

Tsono taonani amene adaimirira kunja kwa holoyo. M'mayiko a kuderalo muli dongosolo la kafala, lomwe limamangirira wantchito wochokera kunja kwa bwana amene adamubweretsa. Ambiri amalandidwa mapasipoti. Ena akhala kumeneko zaka makumi angapo, kubereka ana komweko, unzika osauona. Saudi Arabia idafewetsako malamulowa mu 2021, koma antchito a m'nyumba adasiyidwa kunja kwa kusinthako. Nkhaniyi sili kutali nafe. Mu 2024 BBC idaonetsa amayi a ku Malawi amene adapita ku Oman kukagwira ntchito za m'nyumba, n'kukapezeka akuzunzika, osatha kubwerera kwawo.

Oikira kumbuyo amati kunali kutsatsa malonda chabe, kukopa eni ndalama. Ndikuvomera, ndipo n'chifukwa chake zikundipweteka kwambiri: ulemu umene mayi wochapa ndi kusesa saupeza, udagwiritsidwa ntchito ngati chikwangwani cha sitolo. Komanso Sophia sidasiye kukhala katundu wa kampani. Eni ake amainyamula, amaiyatsa, amaizimitsa akafuna. Anthu adaombera m'manja nzika yokhala ndi mwini wake, pamene m'nyumba za mumzinda womwewo munali amayi amene mapasipoti awo adali m'kabati ya bwana.